Che Ndembo Anafa Osamukhululukira Mwera

Dothi la pamanda a Che Ndembo lisanaume n'komwe, ndinamva Jafali akulira pa wailesi. Jafali yemweyu amene amadzitcha Mwera, woimba rapu wa mimba yotsogola uja. Amati wataya mphunzitsi wake, bambo wake wa m'nyimbo, munthu amene anamuveka ufumu wa rapu ku Mangochi kuno. Nthawi imeneyo ndinali nditaluma singano, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindinaimeze. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa, chifukwa wakufa sangaimbe foni kuwailesi kukatsutsa bodza.

Ine ndine telala. Makina anga akhala pakhonde limodzi ndi chitseko cha babashopu ya Che Ndembo, kuseri kwa msika, kuyambira masiku amene anyamata ankabwera ndi mabuluku a jinzi a pakaunjika kuti ndiwakulitse miyendo mpaka munthu azioneka ngati wavala matumba awiri a chimanga. Zambiri ndinaziona ndi maso angawa. Zina zinkandipeza kudzera pazenera, ndifune ndisafune.

Che Ndembo anabwera kuchokera ku Joni imvi zitayamba kale, atanyamula makina ometera, wailesi yolowa makaseti awiri, ndi katoni yodzaza makaseti a rapu a ku Amereka. Anthu ankadabwa nawo. Anali munthu wa mzere woyamba mumzikiti, wosaphonya swala, wosalawa mowa, koma akatsegula shopu m'mawa khoma linkanjenjemera. Chingerezi chawo chinali cha moni ndi mitengo ya zinthu basi. Ukawafunsa kuti akumvamo chiyani m'nyimbo zimene mawu ake sakuwadziwa, ankakuyang'ana ngati wafunsa ngati nsomba imanyowa. Iwo anakulira mu sikiri, gule wathu uja amene amuna amaimba ndi mpweya wa pachifuwa popanda ng'oma, ndipo ankati rapu ndi mdzukulu wa sikiri amene anasochera kutsidya kwa nyanja. Zimene munthu akunena angathe kunama, koma mmene akupumira sangabise. Ankamva pamene woimba wabera mpweya, pamene wameza mawu kuti afike msanga, pamene watsamira pa biti ngati nkhalamba pa ndodo.

M'shopu muja munali bwalo la milandu. Anyamata ankadzaza pabenchi ngakhale amene analibe tsitsi lometa, n'kumakangana kuti mfumu ya rapu ndani, akum'mawa kwa Amereka kapena akumadzulo. Ena ankafuna kumenyana chifukwa cha anthu amene sankadziwa kuti padziko pali Mangochi. Mkangano ukafika potukwanana, onse ankatembenukira kwa Che Ndembo, amene ankawatcha a Jaji. Iwo sankafulumira. Ankapukuta lumo, n'kuwongola mutu wa wometedwa, kenako n'kuyamba kusanja oimba kuchokera pansi. Mndandanda wawo unkasintha mlungu ndi mlungu. Wina ankakwera chifukwa a Jaji amva chinthu chatsopano pa vesi yake yachiwiri, wina n'kutsika chifukwa wayamba kuimba ngati wakhuta. Koma akafika pamwamba penipeni ankaima, n'kunena kuti malo oyamba ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amakhala ku Lungwena.

Alendo ankaseka akamva zimenezi. Woseka ankatuluka ndi mutu wometedwa mbali imodzi.

Sindikufuna kuwapaka mafuta chifukwa afa. Anali munthu wovuta. Anakangana ndi shehe wathu za phokoso la pa Lachisanu, mpaka anagwirizana kuti wailesi izizima adhana, kuitana kwa swala kuja, ikamveka, ndipo inkazimadi, koma n'kuyambiranso pa mawu omwe inalekera. Anakangana ndi akazi awo, Abiti Musa, amene tsiku lina anapeza kuti makaseti akugona pa shelefu youma pamene ufa uli pansi pomwe pankadontha. Ine tinakangana kosawerengeka. Ankati makina anga saponda biti, ndizisoka motsata ng'oma kapena ndisamuke. Ana a masiku ano akabwera ndi nyimbo za m'foni, ankamvetsera pang'ono n'kufunsa ngati woimbayo akudwala chimfine. Ankati nthawi ya rapu inali ija ya makaseti, pamene munthu ankabweza tepi ndi cholembera kuti amvenso mzere umodzi, ndipo zimene zinabwera pambuyo pake ndi matsukwi.

Mwini wa malo oyamba uja anali Yusufu, mnyamata wopalasa bwato la eni ake ku Lungwena. Anali wamfupi, wakuda bii, wa mano otuluka, ndipo anzake ankamutcha Nkholokolo, kansomba ka minga kaja kamene ukakagwira mosasamala umasiya magazi. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Yusufu sankalemba chilichonse. Mawu ankamubwerera pomwepo, akayang'ana chimene chili patsogolo pake, ndipo akamaliza ankapita ngati utsi. Ukamuuza kuti abwereze za dzulo ankakuseka, n'kukupangira zina.

Chaka china kunachitika mpikisano, poti munthu wina wa situdiyo ku Blantyre anatumiza uthenga kuti akufuna mnyamata mmodzi wa kunyanja kuti amujambule. Anyamata anabwereka nyumba yoonetsera mafilimu pafupi ndi depoti, masana a Loweruka, ndipo jaji panalibe wina woti n'kusankha. Che Ndembo anali ndi kaweruzidwe kawo. Ankakhala pampando atafulatira woimba, nkhope kukhoma, kuti asaone nsapato kapena tcheni cha m'khosi, chifukwa ankati maso ali ndi abale ambiri. Wailesi inkakhala pamiyendo pawo, chala chili pa batani. Woimba akafika pakati pa vesi, atatenthedwa bwino, iwo ankadula biti mosachenjeza. Ambiri ankagwa pomwepo ngati munthu amene wachotseredwa mpando. Amene wapitiriza, n'kudzakumana ndi biti pamalo ake ikabwerera, ameneyo ndiye ankamuwerengera.

Otsala kumapeto anali awiri, Yusufu ndi Jafali. Jafali anali mwana wa mwini malole onyamula nsomba zouma kupita ku Limbe. Ndinamusokera ndekha buluku la tsiku limenelo, ndipo ndinene zoona, sanali mbuli. Anali ndi mawu aakulu, mavesi ataloweza bwino. Koma biti itadulidwa anaima, n'kutembenuka kufunsa ngati magetsi azima. Anthu anafa ndi phwete. Yusufu atalowa, a Jaji anamudulira biti osaibwezeranso. Mwana uja anapitiriza yekha, wopanda nsapato, akuimba za alovi, anyamata okoka makoka a eni ake:

Ndapalasa mpaka dzuwa landipeza m'madzi,
usipa wa abwana, ine ndatenga mamba.
Amayi afunsa ndiwo, ndawapatsa nkhani,
mwana wa msodzi kugonera bonongwe.

Anapita choncho nthawi yaitali, akutola chilichonse m'nyumbamo, mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo, denga lodontha, buluku la Jafali, ngakhale nkhongo ya a Jaji. M'nyumba monse munali zii, kupatula mapazi a anthu amene anayamba kuponda okha pamene biti ikanakhala. Ndinaona mapewa a Che Ndembo akugwedezeka. Atatembenuka, maso ali ofiira, anangoti, "Nkholokolo." Palibe anatsutsa, ngakhale anzake a Jafali.

Zonsezi zinajambulidwa pa kaseti imodzi. Che Ndembo anathyola timano take tiwiri tija ta pamwamba kuti wina asajambulirepo, n'kuiika m'shopu. Inalira pamenepo milungu yambiri, m'mawa ndi madzulo, podikira kuti wa ku Blantyre anene tsiku. Nditawauza kuti akope ina, anandiyankha kuti kukopa kumachepetsa mawu, ndipo wa situdiyo ayenera kumva yeniyeniyo.

Kuno kwathu chinthu chopita ku Blantyre sichipita pa positi. Chimakwera lole ya nsomba. Kalata, mankhwala, nsalu ya ukwati, zonse umapatsira wa lole, ndipo palibe amafunsa kawiri. Tsiku litakwana, Jafali anabwera yekha, ulemu uli tho, n'kunena kuti lole ya bambo ake ikunyamuka ndipo iye akwera nawo.

"Ambuje, ndipatseni ndikapereke ndi manja anga. Wapambana ndi mnzanga, nsanje ndilibe."

Che Ndembo anamuyamikira pamaso pa anthu. Anati uyu ndiye mwamuna, wodziwa kugonja. Anaikulunga kaseti ija mu mpango wawo n'kumupatsa ndi manja awiri.

Jafali anatseka timabowo tija ndi selotepi, n'kujambulirapo nyimbo zake, n'kukapereka ngati wopambana wa ku Mangochi. Sipanapite nthawi, tinamumva pa wailesi akutchedwa Mwera, ngwazi ya kunyanja. Kaseti inabwerera ndi kondakitala wa lole, mu mpango womwe uja. Ndinalipo pamene Che Ndembo anaiika mu wailesi. Kunamveka Yusufu akukoka mpweya kuti ayambe, kenako phokoso la batani, kenako mawu a Jafali mpaka kumapeto. A Jaji anaibweza, n'kumvanso mpweya uja. Anaibwezanso. Wometedwa anadzuka mwakachetechete n'kuchoka ndi thovu kumaso.

Che Ndembo anapita okha ku Blantyre kukafotokoza. Wa situdiyo anawafunsa umboni, ndipo umboni unali kaseti yomweyo. Anapita ndi Yusufu kachiwiri, koma mwana uja atatsekeredwa m'kachipinda kopanda anthu, zomvera zili m'makutu, mawu anamuthawa. Iye ankaimba zimene akuona, ndipo mmenemo munalibe choona. Anabwerera ku bwato, anakwatira, mawu anakhuthala ndi mphepo ya panyanja. Chimene chinatsala cha tsiku lija chinali m'mutu mwa Che Ndembo mokha, poti anali ataimva kaseti ija mpaka kuiloweza yonse ndi mapumidwe ake omwe.

Kuyambira pamenepo aliyense wokhala pampando wawo ankalipira kawiri, ndalama ndi makutu. Ankayamba vesi ya Yusufu lumo lili pakhosi pako, ndipo sukanatha kuthawa. Yusufu mwini ankabwera pa njinga kuchokera ku Lungwena tsitsi likakula, ndipo a Jaji ankamuimbira mawu ake omwe. Nthawi zina iye ankayambako mizere yoyamba, iwo n'kumulandira, iye n'kumangomwetulira ngati akumva za munthu wina.

"Zinapita ndi madzi izi, ambuje. Musiyeni Jafali adye."

"Iwe ndiwe chitsiru," ankatero Che Ndembo. "Woberedwa ndiwe, wolira ndine. Weramutsa mutuwo."

Pa Idi, swala ikatha, anthu timagwirana chanza n'kupemphana chikhululuko. Chaka china Jafali anabwera pabwalo la swala ndi galimoto yake, n'kulunjika kwa Che Ndembo dzanja lili patsogolo, anthu akuona. Mkulu uja anaika manja kumbuyo.

"Bweza mawu a mwana uja m'kaseti, ndikupatsa dzanja."

Shehe anawadzudzula tsiku lomwelo kuti Msilamu sasunga mkwiyo chaka ndi chaka. Iwo anayankha mwaulemu kuti mbuzi yobedwa si yawo, ndiye sangakhululuke m'malo mwa mwini wake. Atauzidwa kuti mwini wakeyo anakhululuka kale, anati ameneyo sadziwa mtengo wa mbuzi yake. Shehe anangopukusa mutu. Ine ndinali kumbali ya Che Ndembo, ndipo ndikadali komweko. Mlandu suola.

Ndiye mungamvetse mmene ndinapsera mtima, zaka zambiri pambuyo pake, nditamva kuti avomera kukakhala mlendo wolemekezeka pa chikondwerero cha Jafali. Mwera anali atazilala, nyimbo zake zosamvekanso, ndipo anakonza phwando la oimba akale pa mchenga wa loji ina, kuti a Jaji enieni akamupatse chikho cha mfumu ya rapu ya nthawi ya makaseti, makamera akujambula. Anatuma anthu ndi thumba la mpunga ndi mawu okoma. Che Ndembo analandira mpunga. Anabwera pamakina anga ndi nsalu yoyera kuti ndiwasokere mkanjo watsopano.

"Achimwene, mwagulitsidwa ndi mpunga?" ndinawafunsa.

"Soka mkanjo, telala. Manja ake akhale omasuka."

Ndinausoka mokwiya, ndipo Abiti Musa sanawalankhule mlungu wonse.

Tsikulo dzuwa linali loswa mtengo, anthu atadzaza, ambiri a iwo anyamata a pabenchi aja, tsopano a mimba ndi madazi. Che Ndembo atapatsidwa maikolofoni ananena mofatsa kuti jaji sapereka chikho asanamve, choncho Mwera aimbe kamodzi monga kale. Anthu anakuwa mokondwa, ndipo Jafali sakanakana. Mkulu uja anatembenuza mpando wake, n'kufulatira. Woimba zimbale tsiku limenelo anali mwana wa m'dera lathu, amene mutu wake Che Ndembo anayamba kuumeta asanayambe sukulu. Sindikudziwa ngati anapangana. Ndinangoona chala cha a Jaji chikukwera m'mwamba pakati pa vesi, ndipo nyimbo inaduka.

Ndi biti, mawu a Mwera anadukanso. Anali m'chimbale momwemo. Jafali anatsala akutsegula ndi kutseka pakamwa ngati chambo chapamchenga, dzanja lili m'mwamba, ndipo m'zokuzira mawu munkangomveka wefuwefu wake. Wina kumbuyo anafuula kufunsa ngati magetsi azimanso. Kuseka kwa tsiku limenelo ndidzafa nako.

Che Ndembo anadzuka pang'onopang'ono, n'kutenga maikolofoni m'manja mwa Jafali ngati akulanda mpeni kwa mwana. Sanamutukwane. Anakoka mpweya, mpweya womwe uja wa pa kaseti, n'kuyamba. Nkhalamba ya mkanjo woyera ndi chisoti cha kumzikiti, popanda biti, inaimba vesi ya Yusufu kuyambira pa bwato mpaka pa buluku la Jafali, osaphonya popumira. Amuna akuluakulu anayamba kuponda mchenga. Ena ankamaliza nawo mizere imene anaimva lumo lili pakhosi. Atatha anati:

"Awa ndi mawu a Yusufu wa ku Lungwena, amene mumamutcha Nkholokolo. Anapambana tsiku lija, wapambananso lero ali kunyanja. Uyu anafufuta kaseti yake."

Anayang'ana chikho chili patebulo, n'kuona kuti dzina la Mwera linali litalembedwapo kale. Anati chikhocho n'chake ndithu, poti anagula yekha, ndipo anatsika. Mpunga uja anautumiza ku Lungwena. Pa wailesi chidutswa chimenechi sanachiulutse, koma chinayenda m'mafoni mpaka ku Makanjira.

Ndinkaganiza kuti pamenepo mtima wawo uzizira. Sunazizire. Matenda a shuga atawagoneka, Jafali anatumiza uthenga kuti akufuna kudzawaona, ndipo iwo anati pakhomo pali galu, ngakhale sanawetepo galu moyo wawo wonse. Nditapita kukawazonda komaliza, anali atatha, mawu akutuluka ngati akudutsa mu bango. Anandikokera pafupi, pamodzi ndi mwana wawo wamkulu.

"Phewa la Jafali lisakhudze jeneza langa."

Kwa amene sadziwa maliro athu, jeneza ndi chonyamulira mtembo, ndipo silinyamulidwa ndi anthu osankhidwa. Limayenda mofulumira kuchoka paphewa kupita paphewa, mwamuna aliyense amalowa pansi pake pang'ono, n'kupatsira mnzake, n'kuthamangira kutsogolo kukalandiranso. Kumuletsa munthu poyera n'kosatheka, shehe sangalole. Jafali anafika atavala mkanjo wonyezimira, mnyamata wa kamera ali pambuyo pake. Anyamata a pabenchi aja anangopanikizana mbali zonse ziwiri. Jafali akathamangira kutsogolo n'kutsitsa phewa, wina anali atalowa kale. Akazungulira mbali inayo, ankapeza msana wa munthu. Ine ndi mawondo angawa ndinamutsekera kawiri, ndipo kachiwiriko ndinamuponda chala mosapepesa. Tisanafike theka la njira mpweya unamuthera, n'kutsalira pansi pa mtengo wa mango atagwira mawondo. Yusufu ananyamula kutsogolo, kumutu, ndipo palibe anamulandira mpaka kumanda.

Munthu ameneyo ndiye anali pa wailesi akulira bambo wake wa m'nyimbo. Alire ndithu. Akamve kuti telala wa pakhonde akadali moyo.

Shopu ndi yotseka tsopano. Ana awo sanagwirizane chochita nayo. Ukasuzumira pazenera umaona mpando utayang'ana kalilole, nsalu yofunditsa ometedwa ili pamsomali, ndi katoni ya makaseti imene mphemvu zayamba kuiyendera. Benchi analitulutsa panja, ndipo amakhalapo ndi anyamata a kabaza podikira anthu. M'mawa khoma silinjenjemeranso, ndipo ndazindikira kuti makina anga amasokosera kwambiri.

Dzana Yusufu anabwera pa njinga yake, tsitsi litakula, imvi zili mbuu. Anadziwa kuti n'kotseka, koma anatsamiritsa njinga pamalo ake akale n'kukhala pakhonde. Mmodzi wa a kabaza anamuzindikira.

"Madala, si inu a Nkholokolo a m'foni aja? Tatiimbireni ija ya usipa."

Yusufu anakana, anyamata anakakamira, mpaka anaseka n'kukonza kukhosi. Anayamba bwino. Ananena za kupalasa, za usipa wa abwana, za amayi ofunsa ndiwo. Atadutsa pa bonongwe anaima. Anabwereza mzere womwewo, n'kuimanso. Kenako anatembenuzira mutu ku chitseko chotseka chija.

"Apa ndi pamene a Jaji ankandilandira," anatero.

Anyamata anadikira pang'ono, wina n'kuitanidwa ndi kasitomala, enawo n'kubwerera ku mafoni awo. Yusufu anakhalabe mpaka adhana ya masana, kenako anakankha njinga yake kulowera ku Lungwena, osameta.